Chipinda Chimene Pearl Sanapemphe

Lolemba, 13 Meyi 2024

Ba Chomba, omanga aja, abwela m'mawa ndi tepi ndi zikhomo. Apima kuseli kwa nyumba, pakati pa mtengo wa gwafa ndi mpanda. Malo akwana. Bedi, tebulo, kabafa pakona. Dimba langa la lepu lichoka. Palibe kanthu.

Chipinda cha Pearl. Mwiniwake sakudziwa.

Pa Isitala, tikutsuka mbale, anangoti, "Mami, chaka chino nifuna kukhala pa nekha." Ndinaseka ngati ndamva nthabwala. Wakula, inde. Zaka 26, ntchito yabwino pa famasi ku Northmead. Koma matenda ake a magazi, sikoselo, sayang'ana zaka. Kukangozizila, magazi amatsekeka m'mitsempha, mafupa ngati wina akuwaphwanya ndi nyundo. Ndamuthamangitsila ku chipatala kuyambila ali kumsana. Payekha kuti?

Ndiye ndaganiza. Afuna malo ake, ndimupatsa malo ake. Pompano pa Chelstone, m'yadi mwathu.

Amuna anga, ba Wilbroad, anaima pa masitepe manja kumbuyo, kuonelela zikhomo zikulowa. "Amake Pearl, mwamufunsa mwana?" Ndati ndikufuna adzangoona chatha. Analowa m'nyumba.

Magetsi kulibe tsiku lonse.

Lachitatu, 15 Meyi

Ku Heavy Industrial kukaona mapanelo. Mabasi awili, fumbi, malole obwelela chammbuyo popanda woyang'ana. Nsapato zanga zakuda zabwela zofiila.

Mapanelo ake ndi matabwa awili, pakati thovu loyela lolimba, longa lija limabwela m'katoni ya filiji yatsopano, koma lochindikala ngati lofu ya buledi. Makoma ndi denga, zonse zomwezo. Mtsikana wogulitsa anandilowetsa m'kachipinda kachitsanzo n'kutseka. Kunja mphepo, mkati zii, ngati m'bulangeti. Ndinaima momwemo nthawi yaitali mpaka anandifunsa ngati ndili bwino.

Akuti makoma okha sakwanila. Pansi pakakhala konkili chabe, kuzizila kumachokela m'nthaka n'kulowa kumapazi. Ndiye thovu lomwelo tiike pansi pa silabu ya konkiliyo. Chinanso, mapanelo safuna madzi kapena dothi. Silabu ikwele pamwamba pa nthaka, ndipo ikhale yosalala ngati tebulo, apo ayi makoma sadzakumana pakona.

Njelwa zingatenge miyezi. Izi akuti sabata imodzi chipinda chaima. Ndikufuna chithe Juni asanalume.

Julayi watha sindidzamuiwala. Hita ilipo, magetsi kulibe. Mbaula sungaike m'chipinda chotseka. Mwana masokosi awili awili, mapazi ngati miyala ya mumtsinje. Kenaka chiuno chinayamba. Kulila kwake kuja kosatulutsa mawu, kuopa kudzutsa atate ake.

Ayi. Chaka chino ayi.

Loweluka, 18 Meyi

Ayamba kukumba. Ba Chomba ndi amuna awili. Dothi lonse lakuda lapamwamba lichoke, akuti limatitimila. Dothi limene ndakhala ndikuthila manyowa a nkhuku zaka zonsezi, lapita pa wilibala kukaunjikidwa ku mpanda. Lepu wotsala ndagawila aneba.

Pakona ya ku gwafa apeza mwala. Piki ikumenya, moto kuthetheka. Ba Chomba akupukuta thukuta: "Lusaka yonse inakhala pa mwala, ba mayo. Ni vabwino, nyumba siizayenda." Mizu ina ya gwafa adula. Kaya mtengowo upilila.

Pearl lelo sanapite ku ntchito. Anaima pa windo la kukhichini ndi kapu ya tiyi. "Mami, ni chani ichi mumanga?"

Ndati stolo yosungila makasu.

Anangoti, "Oho." Ba Wilbroad anatsokomola pa tebulo, chifuwa alibe.

Bodza laling'ono. Lidzatha lokha akadzaona makatani.

Lachitatu, 22 Meyi

Dothi lofiila la miyala labwela, athila, atsindila ndi mashini ya petulo. Nyumba yonse kunjenjemela, makapu kulila m'kabati. Pamwamba mchenga, kuti miyala isaboole pulasitiki. Kenaka mankhwala a chiswe. Akuti chiswe sichidya thovu koma chimaboola njila momwemo mpaka chikapeze matabwa. Fungo loipa. Ndinathamanga kukatseka windo la Pearl, n'kuika thaulo lonyowa m'munsi mwa chitseko chake.

Madzulo wabwela ndi Mwenya, mnzake wa ku koleji, wa ku Mufulira uja. Mtsikana waphokoso, woseka ndi mano onse. Amanditcha anti, amatsegula filiji yanga osafunsa. Anali m'chipinda, mitu pamodzi pa foni, kuseka. Nditalowa ndi madzi akumwa a Pearl, onse chete, foni chafufumimba pa bedi.

Mwina ndi za mnyamata. Zikhale za mnyamata.

Loweluka, 25 Meyi

Sindikudziwa poyambila.

Holide, koma ba Chomba anabwela. Anayala pulasitiki wakuda, m'mbali n'kumukweza. Kenaka matabwa a thovu, kuwalumikiza bwino bwino, mipata yonse kumata ndi tepi. Pansi ponse mbee, ngati bedi lalikulu loyalidwa. Ndinavula patapata n'kupondapo. Ngakhale m'mawa wozizila chonchi, phazi silinamve kanthu. Ndinakondwa. Ndilembe zimenezo, ndinakondwa kwambili.

Potembenuka, Pearl ali kumbuyo kwanga, atafunda chitenje.

"Stolo ya bwanji yamene muikila vofunditsa pansi? Makasu amamvela mphepo?"

Ndinamuuza zonse. Bedi apa, tebulo apa, bafa yakeyake. Ndinalankhula mofulumila ngati wogulitsa zovala za salaula. Iye kungoyang'ana thovu lija. Kenaka pang'onopang'ono: "Napeza kale flati na Mwenya ku Northmead. Tingena pa 1 Juni. Nenze kusakila tsiku yokuuzani."

Ndinati nanga ichi? Anati, "Mami, mwanimangila wodi kuseli kwa nyumba."

Wodi.

Magazi anandikwela. Ndinafunsa kuti akadwala adzamunyamula ndani, Mwenya woseka uja? Akanakhala mawu omaliza amenewo, bwenzi zili bwino. Koma pakamwa panapitilila. Ndinati, "Brian nayenso anafuna kukhala yekha ku Kabwata. Ali kuti lelo?"

Brian. Mnzake wa ku kiliniki ya sikoselo kuyambila ali ana, ankakhala pa benchi imodzi kudikila dokotala, kugawana mabisiketi. Tinamuika m'manda Ogasiti watha. Pearl ndiye anawelenga mbili yake m'tchalitchi, mawu osanjenjemela, n'kudzagwa titafika kunyumba.

Ndinatchula dzina limenelo. Pamaso pa ba Chomba ndi anthu awo.

Sanalile. Anandiyang'ana ngati munthu amene wakumana naye koyamba m'basi. Anakoka chitenje n'kulowa m'nyumba. Amuna aja anawelama, aliyense kufunafuna chogwila.

Lamulungu, 26 Meyi

Ku Misa tonse atatu, benchi imodzi, atate ake pakati. Pa moni wa mtendele anandipatsa nsonga za zala.

Ndaphika nkhuku ya kumudzi, imene amakonda. Wadya pang'ono, watsuka mbale yake, wabwelela m'chipinda. Ndikumva masutikesi akukokedwa pansi.

Ndinaima pa chitseko chake kawili. Mawu ndinali nawo. Koma nthawi zonse kutsogolo kwa "pepa" kumabwela "koma".

Ba Wilbroad sanandidzudzule. Bola akanandidzudzula.

Lachitatu, 29 Meyi

Ba Chomba m'mawa, chipewa m'manja, mawu otsika: "Ba mayo, tipitilize olo tiimilile?" Thovu silingakhale padzuwa nthawi yaitali, akuti limafumbutuka. Simenti ili kale pa khonde.

Ndati pitilizani. Ndikanati chiyani?

Pulasitiki wina pamwamba pa thovu, waya wolimbitsa, wa konifosi, pa timiyala kuti akhale pakati pa konkili. Kusakaniza ndi mafosholo tsiku lonse, mawilibala kuyenda pa thabwa kuti asaboole kanthu. Zoyela zonse zija zakwililika. Madzulo ba Chomba anagwada ndi levulo, kuyesa kona iliyonse, kenaka n'kusalaza. Ntchito yaukhondo, sindinganame.

Akuti ndizithilila madzi m'mawa ndi madzulo, n'kufunditsa masaka, isaume msanga ingang'ambike.

Pearl pobwela ku ntchito anadutsa osatembenuza mutu.

Loweluka, 1 Juni

Wapita.

Kavani ka mlamu wa Mwenya kanabwela chakum'mawa. Matilesi, masutikesi, tebulo lake lowelengela, kabokosi ka mankhwala. Atate ake ananyamula nawo, anakwela kutsogolo kukaona malo.

Ndinali nditakonza mabulangeti anayi, botolo la madzi otentha, fulasiki, masokosi aubweya. Anatenga bulangeti limodzi ndi botolo. "Vakwana, mami. Zikomo." Mwaulemu, ngati kwa mayi wa mnzake.

Injini italila ine ndinali kuseli ndi payipi, kuthilila silabu. Ndinamva geti ikutsekedwa. Sindinatuluke. Ndimati akabwela kudzatsanzika kuseli kuno, ndinena. Iye mwina amati ndikatuluka ku geti.

Madzi anasefukila mpaka ku gwafa.

Lamulungu, 9 Juni

Kwazizila zenizeni. M'mawa mpweya kutuluka utsi m'kamwa, mame pa masaka.

Ndimathililabe. Ba Chomba anati zakwana, koma m'mawa manja amafuna chochita. Zaka zonsezi ndimadzuka kuwilitsa madzi ake osamba, kuyang'ana maso ake ngati achita chikasu, kudzaza botolo lake la madzi akumwa. Tsopano ndimadzuka kuthilila simenti.

Ndimatumiza uthenga tsiku lililonse. Wamwa mankhwala? Wavala juzi? Madzi ukumwa? Yankho limodzimodzi: "Nili bwino." Lachinayi ndinaimba, sanayankhe. Patapita nthawi: "Nenze pa nchito."

M'chipinda chake mwatsala fungo la mafuta ake odzola ndi hang'ala imodzi.

Gwafa wayamba kuyoyola masamba mbali imene anadula mizu.

Lolemba, 17 Juni

Mapanelo afika. Ndinaiwala n'kuiwala kuti ndinawauza tsiku la lelo. Lole inalephela kulowa pa geti, anyamula pamanja limodzi limodzi. Aunjika pa khonde pamwamba pa matabwa, afunditsa tenti. Khonde lonse latha, pokhala palibe. Ndauza ba Chomba adikile kaye.

Aneba akufunsa ngati tikumanga ya lenti. Ndimangoseka.

Ba Wilbroad amapita ku Northmead, ndazindikila lelo. Amati akupita kukaonana ndi anzawo a penshoni m'tauni, koma m'thumba la jekete ndapeza kapepala ka mankhwala awo a BP ka pa famasi ya Pearl. Sanakane. Akuti flati ili pamwamba, yaing'ono, windo limalandila dzuwa la m'mawa. Akuti waika maluwa m'chitini. Akuti anawaphikila tiyi ndi mazila.

Ndinafunsa kuti pansi pake ndi potani, matailosi kapena kapeti? Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Njila ya ku Northmead mumaidziwa, amake Pearl."

Ndimaidziwa. Koma sanandiitane.

Lachinayi, 27 Juni

Pearl anali m'chipatala. Kuyambila Lamulungu. Watuluka dzulo.

Ine osadziwa. Ine amake.

Ba Wilbroad andiuza lelo titatha kudya, atakhala pa mpando wa patali. Zinayamba ndi msana, kenaka miyendo. Mwenya anaitana takisi, anatenga khadi la ku kiliniki, bulangeti, madzi. Ku chipatala akuti anaima pa kauntala osasuntha mpaka anamuika dilipu ndi mankhwala a ululu. Anagona pa mpando pambali pa bedi masiku onsewo, m'mawa n'kumapita ku ntchito. Mwenya woseka uja.

Ndipo mauthenga anga ankayankhidwa. "Nili bwino." Ali pa dilipu.

Ndinakuwa. Ndinawafunsa kuti ndi mtima wotani wobisila mayi mwana wake ali m'chipatala. Ndinagwetsa mbale, sindikudziwa ngati dala. Iwo anadikila ndithe. Kenaka anati, "Anandipempha. Anati, mami akabwela adzaima pa bedi n'kunena kuti ndinakuuza. Ululu ndingapilile, koma zimenezo ayi."

Ndinafuna kukana. Ndinatsegula pakamwa.

Ndikanatelo. Mwina osati ndi mawu, koma nkhope ikananena.

Ndakhala pa silabu mpaka dzuwa kulowa. Youma, yosalala, yopanda mng'alu ngakhale umodzi. Mwana wanga amamva kuwawa mbali ina ya tauni, ine ndikusamala konkili kuti isang'ambike.

Loweluka, 29 Juni

Ndapita. Basi ya ku Great East Road, kutsika pa Northmead, kufunsa njila kwa mayi wogulitsa nthochi. Sindinanyamule bulangeti, sindinanyamule mankhwala. Malalanje okha. Ndinakwela masitepe n'kugogoda.

Anatsegula Mwenya. "Anti! Ngenani." Kuseka kuja kunalipo koma maso otopa.

Pearl pa sofa, atafunda, waonda, milomo youma. Pansi matailosi oyela, ozizila mpaka kudutsa nsapato. Ndinaona. Ndinatseka pakamwa mwamphamvu mpaka mano kuwawa.

Iye anandiyang'ana, kenaka pansi, kenaka ine. "Mami, mwaona matailosi. Kambani chabe, muzadwala." Mwenya anaphulika kuseka. Nanenso ndinaseka, kenaka sikunalinso kuseka.

Ndinagwada pa matailosi omwewo. Ndinati za Brian zija sindinayenele, pepa mwanangu. "Koma" anabwela mpaka pa lilime. Ndinamumeza.

Anatenga lalanje n'kuyamba kusenda. Kenaka: "Brian sanafe chifukwa enze yekha, mami. Anafa chabe. Koma chaka chija ku Kabwata ndiye chamene anakondwela maningi pa umoyo wake. Ananiuza." Ndipo anati, "Na ine niyopa. Tsiku lililonse. Manje nikayopa ine, na imwe muyopa pamwamba panga, nilema."

Ndinadzuka pa matailosi n'kukhala pambali pake.

Sabwelela ku Chelstone. Sanachite kunena, ndipo sindinafunse. Agula kapeti mwezi ukatha, asankha kale, yobiliwila.

Ndikunyamuka, Mwenya ananditsatila ku khichini, mawu otsika. "Anti, paja msana ukamubaba, akamba ati imwe muli na njila yanu na thaulo yotentha. Ine nikachita akuti sivimveka chimodzimodzi. Nilangizeni." Tinawilitsa madzi pa gasi. Ndinamuonetsa kufinya thaulo, kuyesa kutentha pa mkono, poyambila m'munsi mwa msana, kukanikiza ndi chikhatho osati zala, kukwela pang'onopang'ono. Ndinayamba ine, iye n'kupitiliza. Pearl chafufumimba pa sofa anati, "Apo. Wapeza manje."

Chinthu chimene ndimadziwa ine ndekha pa dziko lonse. Ndachisiya ku Northmead.

M'basi ndinalila, kondakitala mpaka anaiwala kundifunsa ndalama.

Lachitatu, 3 Julayi

Ba Chomba abwela kudzaimika makoma. Ba Wilbroad ndiwo anati timalize, mapanelo angaonongeke pa khonde, ndipo alendo a ku Katete akabwela asamagonenso pa sofa. Pearl anati mwina pa Khisimasi adzagonamo usiku umodzi, aone ngati n'zoona za mapazi. Mwina.

Akhomelela matabwa oyamba m'mphepete mwa silabu, pansi pake kansalu ka phula kuti chinyezi chisakwele. Panelo loyamba laima, lachiwili lalowa m'mbali mwake ndendende. Silabu ili levulo, akuti sanachite kusema paliponse.

Atafika mbali ya kutsogolo anandiitana. "Ba mayo, chitseko. Paja munakamba kuti chiyang'ane pa windo yanu ya kukhichini. Ni pamene apa?"

Ndinanenadi zimenezo, tsiku lopima. Kuti ndizimuona akatuluka, akalowa, akachedwa kudzuka.

Ndinaima pa windo lija kuchokela panja, kuyang'ana sinki yanga, mpando wanga.

Ndati chiyang'ane ku geti.

Akuti ndiye asinthe mapanelo awili, ntchito ichedwa pang'ono. Ndati sinthani. Ndawaikila madzi a tiyi, magetsi abwela msanga lelo. Uthenga wa m'mawa sindinatumize. Foni ili pa tebulo, ndikungoiyang'ana.